Funsani, Tiyankhe: Tizipangizo Tolondera Mapaipi a Suweji

Makalata a mwezi uno akumana pa nkhani imodzi imene ambiri sitikonda kuikamba pagulu, nkhani ya mapaipi onyamula zonyansa za m'zimbudzi zamadzi, amene m'tauni timangowatchula kuti suweji. Idayamba ndi funso la mayi wina wa kwathu kuno amene akugwira ntchito ku England, ndipo mafunso ena adatsatira kuchokera ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Machinga ndi ku Chipata. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba tawasunga, ndipo makalata aatali tawafupikitsa popanda kusintha mutu wa funso.

FUNSO: Ndimakhala ku Oxford, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mnzanga wa kuntchito, amene amakonda kusambira mumtsinje wa Thames, adandionetsa mapu pa foni yake okhala ndi timadontho tofiira ndi tobiriwira, ndipo adati kadontho kakafiira ndiye kuti pamalopo suweji ikukhuthulidwira mumtsinje nthawi yomweyo. Ndidavutika kukhulupirira. Kodi dziko lolemera chotere lingathire zonyansa mumtsinje, nanga ndani amene amakhala pamenepo usana ndi usiku n'kumaona? Ndine mayi wa ku Oxford.

YANKHO: Mayi, mnzanuyo sadakunamizeni, ndipo palibe munthu amene amachezera pamenepo. Chimene chimaona ndi kachipangizo kakang'ono komangiriridwa pakhomo lotulukira madziwo. Koma kuti mumvetse chifukwa chake kalipo, tiyambe ndi mmene mapaipi a kumeneko adamangidwira.

M'mizinda yambiri yakale ya ku England, paipi imodzi imanyamula zinthu ziwiri: zonyansa za m'nyumba ndiponso madzi a mvula ochokera pamadenga ndi m'misewu. Ndi mmenenso injiniya Joseph Bazalgette adakonzera mapaipi akuluakulu a London, pambuyo pa nyengo yotentha ya 1858 pamene fungo la mtsinje wa Thames lidasowetsa mtendere ngakhale aphungu m'Nyumba ya Malamulo. Kukakhala kopanda mvula, zonse zimayenda bwinobwino mpaka kumalo oyeretsera. Mvula ikagwa yamkuntho paipi imadzaza, ndipo madziwo akasowa potulukira amabwerera m'mbuyo n'kutumphukira m'zimbudzi ndi m'mabafa a anthu. Pofuna kupewa zimenezi, omanga adasiya makomo otayirapo. Mkati mwa paipi mumakhala kakhoma kafupi, ndipo madzi akakwera n'kukapitirira amagwera mbali ina n'kulowera kumtsinje kapena kunyanja. Makomo otere ku England alipo oposa 14,000.

Kwa zaka zambiri panalibe amene ankadziwa kuti makomowo amataya kangati. Mu 2010, makomo 7 okha mwa 100 aliwonse ndiwo adali ndi choyezera. Boma lidawapanikiza makampani a madzi, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 khomo lililonse lidali ndi kachipangizo kolemba nthawi imene kutaya kwayamba ndi nthawi imene kwatha. Lamulo la zachilengedwe la 2021 lidawonjezera kuti anthu azidziwitsidwa pasadathe ola limodzi. Kampani ya Thames Water, imene imatumikira dera lanulo, idatulutsa mapu ake mu Januwale 2023.

Zimene tizipangizoti tidaulula zidakwiyitsa anthu. Mu 2022, chaka cha mvula yochepa, makomowo adataya maulendo oposa 300,000, kwa maola pafupifupi 1.75 miliyoni. Mu 2023, pamene mvula idagwa yambiri, maulendo adapitirira 460,000 ndipo maola adafika 3.6 miliyoni. Powerenga manambalawa tikumbukire zinthu ziwiri. Vutoli silidayambe m'zaka zimenezi ayi. Chimene chidayamba ndi kuwerenga, ndipo mtsinje udali ukulandira katunduyo kalekale mopanda mboni. Chachiwiri n'chakuti tizipangizoti timalemba kutalika kwa nthawi kokha, osati kuchuluka kwa zotayidwa, kotero kuti kutsikira pang'onopang'ono kwa maola khumi kumaoneka koipa kuposa chigumula cha ola limodzi, pamene mwina chigumulacho ndicho chapha nsomba.

Chimene ine chimandikhudza kwambiri ndi funso lakuti manambalawo ali m'manja mwa yani. Mu Julaye 2021 khoti lidalipitsa kampani ya Southern Water mapaundi 90 miliyoni itavomera kuti pakati pa 2010 ndi 2015 idataya suweji yosayeretsa maulendo pafupifupi 7,000 mophwanya lamulo. Pa nthawiyo munthu wamba analibe poonera. Lero, chifukwa manambala ali poyera, atolankhani ndi magulu a anthu okonda mitsinje amawayerekeza ndi kaundula wa mvula, ndipo apeza makomo amene ankataya tsiku lopanda ndi dontho lomwe, chinthu chimene lamulo silichilola. Choncho muuzeni mnzanuyo kuti apitirize kuyang'ana mapuwo, ndipo ngakhale kadontho katabiriwira, adikire masiku angapo mvula yaikulu ikagwa asadalowe m'madzi.

FUNSO: Ndikuphunzira zamagetsi pa sukulu ina ya ntchito zamanja. M'dzenje la suweji muli mdima ndi chinyezi, ndipo mulibe waya wa magetsi. Kachipangizo kotere kamagwira ntchito bwanji, nanga uthenga wake umatuluka bwanji pansi pa chivundikiro chachitsulo? Ndine mnyamata wa ku Blantyre.

YANKHO: Achimwene, funso lanu n'la munthu amene adzatithandize m'tsogolo muno. Kachipangizo kofala kwambiri ndi koyeza pamene madzi afika. Kamapachikidwa kunsi kwa chivundikiro cha dzenje loonera mapaipi, limene apulambala amalitchula manhole, ndipo madziwo sikawakhudza n'komwe. Kamatumiza kaphokoso kamene khutu la munthu silingamve, n'kudikira kuti kabwerere kakagunda pamwamba pa madzi, monga amachitira mleme pouluka usiku. Phokoso limayenda mumpweya mamita pafupifupi 340 pa sekondi, choncho madzi akakhala mamita 1.7 pansi, ulendo wopita ndi kubwerera umatenga gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Madzi akakwera, nthawiyo imafupika, ndipo ndi pamenepo pamene kachipangizo kamawerengera. Thovu ndi nthunzi zimatha kukasokoneza, n'chifukwa chake masiku ano ambiri akusankha togwiritsa ntchito radar, ndiye kuti mafunde a wailesi m'malo mwa phokoso. Palinso tina togonekedwa pansi pa paipi toyeza kulemera kwa madzi ndi liwiro lake, koma timeneti timakulungidwa msanga ndi zisanza ndipo timafuna kupukutidwa pafupipafupi. Kumalo a mapampu nthawi zambiri amangoika mpira woyandama, wofanana ndi uja wa m'thanki ya chimbudzi chogejemula, umene ukakwera umayatsa pampu kapena kuliza belu.

Za magetsi, yankho lake ndi batire ndi tulo. Kachipangizoka nthawi yambiri kamakhala chigonere, n'kumadzuka pa mphindi 5 kapena 15 zilizonse, kuyeza, kulemba, n'kugonanso. Zolembazo kamazitumiza kangapo patsiku, koma madzi akapitirira malire amene kadauzidwa kamatumiza uthenga nthawi yomweyo. Mwa njira imeneyi batire limatha zaka zingapo. Bokosi lake limamatidwa kuti musalowe madzi komanso kuti lisathethetse moto, chifukwa m'mapaipi mumasonkhana mpweya woyaka wa methane, womwe uja ena amaphikira kuchokera ku ndowe. Chivundikiro chachitsulo chimatchingadi netiweki, ndiye amabowola kabowo n'kutulutsa eriyo yaphwatalala pamwamba, kapena kuikwirira m'phula pambali pake. Uthenga umayenda pa netiweki ya mafoni kudzera pa simukhadi, kapena pa mawailesi a mphamvu yochepa monga LoRaWAN, mpaka kukafika pa kompyuta ya kuofesi ndi pa foni ya kapitawo.

Komabe luso lenileni lili pa kuwerenga zimene zabwerazo. Suweji ili ndi chizolowezi chake, chimene chimatsatira moyo wa anthu a m'deralo. M'mamawa anthu akamasamba ndi kukonzekera ntchito, madzi amakwera, masana amatsikako, madzulo amakweranso, ndipo cha m'ma 3 koloko usiku amatsikiratu. Mukajambula zimenezi kwa masabata angapo mumapeza mzere wobwerezabwereza ngati mizere ya m'munda. Tsono mukaona kuti usiku madzi sakutsikanso mpaka pamene ankafika, ndipo tsiku lililonse akutsalira m'mwamba pang'ono kuposa dzulo, dziwani kuti kumunsi paipi ikutsekeka, ngakhale pamsewu pasadaoneke kanthu. Mukaona dzenje la kumtunda likudzaza pamene la kumunsi lauma, ndiye kuti chotseka chili pakati pa maenje awiriwo, ndipo antchito sataya tsiku akuvundukula msewu wonse. Mukaona madzi akulumpha nthawi iliyonse imene mvula yagwa, ndiye kuti penapake paipi idasweka kapena wina adalumikiza ngalande ya padenga lake ku suweji. Amene adziwa kuwerenga mizere imeneyi ndi wosowa kuposa amene adziwa kumangirira bokosi.

FUNSO: Ndimakumbukira zimene zidachitika ku Area 18 mu Julaye 2017, pamene anthu adatunga pampopi madzi osakanikirana ndi suweji, mpaka nkhaniyo idakafika kukhoti. Kodi zipangizo zoterezi zikadakhalapo, ngozi ngati imeneyo ikadapewedwa? Ndine bambo wa ku Area 25, ku Lilongwe.

YANKHO: Bambo, zikadathandiza kwambiri, koma pazokha sizikadakwanira, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Kuti suweji ilowe mumpopi pamayenera kukumana zinthu zitatu. Paipi ya suweji itsekeke kapena isweke, zonyansa zifalikire m'dothi. Paipi ya madzi akumwa yodutsa pafupi ikhale ndi mng'alu kapena polumikiza pofooka. Kenako madzi asiye kutuluka. Paipi ya madzi akumwa ikakhala yodzaza ndi mphamvu, mng'aluwo umalavulira madzi kunja ndipo chakunja sichilowa. Koma madzi akatsekedwa, mphamvuyo imatha, paipi imayamba kuyamwa chilichonse chimene chaizinga, ndipo madzi akabweranso amakankhira zonsezo m'nyumba za anthu. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi mlonda wake. Choyezera cha m'dzenje la suweji chimanena za kutsekeka kusadasefukire, choyezera mphamvu pa paipi ya madzi akumwa chimanena pamene mphamvu yagwa, ndipo choyezera klorini chimanena pamene mankhwala otetezawo atha mwadzidzidzi chifukwa chokumana ndi zonyansa.

Ndidaonapo ndekha, m'tauni ina, dzenje limene lidasefukira kwa masiku opitirira sabata. Madzi akuda ankatsetsereka m'mphepete mwa msewu, mayi wogulitsa mandasi adasuntha beseni lake kawiri, ndipo ana a sukulu adali atayala njerwa zopondapo. Antchito atabwera adalumikiza ndodo zawo zachitsulo imodziimodzi n'kumazikankhira m'paipi, ndipo chimene chidatuluka chidali mtolo wa matewera otaya, zisanza, mchenga wotsukira mapoto ndi mafuta ophikira oundana ngati sopo. Madzi atatsika, kapitawo adandiitana n'kundilozera khoma la dzenjelo ndi tochi. Padali mizere ya mafuta ouma, wina pamwamba pa unzake ngati masitepe, kusonyeza kuti madziwo adakhala akukwera kwa masabata ambiri asadatulukire kunja. Dzenjelo lidakhala likulemba mbiri yake pakhoma, koma panalibe woiwerenga. Ntchito ya kachipangizo ndi kutumiza mizere imeneyo kuofesi pamene mzere woyamba ukungoyamba.

Koma taonani mbali inayo. Anthu a pamalopo adali atakadandaula kuyambira tsiku loyamba la kusefukira, ndipo padapita masiku ambiri chifukwa galimoto inalibe mafuta. Uthenga wa kachipangizo ukadafika pa desiki yomweyo, n'kudikira mafuta omwewo. Ndiponso m'mizinda yathu yambiri mapaipi a madzi akumwa ndi a suweji akhala akuyang'aniridwa ndi maofesi osiyana, kotero kuti belu likalira ku ofesi imodzi pamafunika pangano lolembedwa lakuti inayo iuzidwe ola lomwelo, itseke madzi a dera limenelo, ndipo anthu achenjezedwe asadamwe. Popanda pangano lotere, chipangizo chimangokhala mboni ya kukhoti, osati mlonda. Ndipo nkhaniyi si ya Lilongwe yokha. Kolera imene idabuka ku Harare mu Seputembala 2018 idayambira ku Glen View ndi ku Budiriro, kumene suweji yophulika idaipitsa madzi akumwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

FUNSO: Ndine khansala. Khonsolo yathu imavutika ngakhale kugula ndodo zotsegulira mapaipi. Kodi zimenezi si za mayiko olemera okha?

YANKHO: A khansala, ndikuuzeni za mzinda umene udatengera njira imeneyi chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, osati kuchuluka kwake. South Bend ndi mzinda wa anthu pafupifupi 100,000 m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo mapaipi ake akale ankasefukira mumtsinje wa St. Joseph mvula ikagwa. Mu 2008 mzindawo udaika tizipangizo toposa 100 m'maenje ake, mothandizana ndi akatswiri ochokera ku yunivesite ya Notre Dame amene adayambitsa kampani ya EmNet. Chimene adapeza chidadabwitsa ngakhale mainjiniya a mzindawo. Mvula sigwa mofanana tauni yonse, choncho pamene paipi ina inkasefukira, ina ya kutsidya idali ndi malo ambiri opanda kanthu. Adaika zitseko zoyendetsedwa ndi kompyuta zimene zimapatutsira madzi kumene kuli malo, ndipo pamodzi ndi ntchito zina zokonza mapaipi, zotayikira mumtsinje zidatsika ndi magawo pafupifupi 70 pa 100 aliwonse. Boma la dzikolo lidali litagwirizana ndi mzindawo za ntchito yomanga yoposa madola 500 miliyoni, koma mu 2021 pangano lidakonzedwanso potengera manambala a tizipangizoto, ndipo mzindawo udalengeza kuti wapulumutsa madola oposa 400 miliyoni. Phunziro lake n'lakuti adayamba adziwa mapaipi amene ali nawo asadakongole ndalama zomangira ena.

Kwathu kuno vuto n'losiyana, ndipo tisakopere mwachimbulimbuli. Mapaipi athu adakonzedwa kuti azinyamula zonyansa zokha, madzi a mvula azipita m'ngalande. Amene amatizunza ndi kutsekeka, mchenga, mapampu oima magetsi akazima, ndi zivundikiro zobedwa kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo, zimene zimasiya dzenje lakukamwa kuti lizimeza zinyalala ndi madzi a mvula, nthawi zina ngakhale mwana. Komanso suweji yathu ndi yaifupi. Pamene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inkavomereza madola 100 miliyoni a ntchito ya madzi ndi ukhondo ku Lilongwe mu 2017, anthu pafupifupi 5 okha mwa 100 aliwonse mumzindawo ndiwo adali olumikizidwa ku suweji. Otsalawo amadalira zimbudzi zokumba ndi matanki a pakhomo. Zimenezi zikutanthauza kuti simufunika tizipangizo mazanamazana, komanso kuti ndalama za tizipangizo zisalande za ukhondo wa anthu ambiriwo.

Ndikadakhala pampando wanu, ndikadayamba ndi chinthu chosafuna batire: mapu olondola a mapaipi ndi kaundula wa madandaulo. Kapitawo aliyense amene wakhalitsa pantchito angakutchulireni pamtima maenje khumi amene amavuta chaka ndi chaka, kawirikawiri kumunsi kwa msika, kwa malo odyera, kwa sukulu yogonera konko, kapena pamene paipi imawoloka mtsinje. Amenewo ndiwo oyamba kuikidwa zoyezera. Pamodzi ndi iwo ikani malo onse a mapampu, chifukwa pampu ikaima usiku wa Lachisanu popanda wodziwa, mtsinje umalandira zonse mpaka Lolemba, pamene kachipangizo kotumiza uthenga wa pa foni wonena kuti magetsi azima kapena madzi akwera n'kotsika mtengo kwambiri pa zonsezi. Tizipangizo tambiri ta m'maenje timanenanso chivundikiro chikatsegulidwa, zimene zimathandiza pa vuto la umbava, ngakhale kuti nato tiyenera kubisika bwino kuti tisabedwe.

Posaina pangano ndi wogulitsa, musayang'ane mtengo wogulira wokha. Funsani za ndalama za simukhadi mwezi ndi mwezi, za mabatire, za amene adzapukute ndi kuyesa zoyezerazo, ndiponso ngati ana athu a m'masukulu a ntchito zamanja adzaphunzitsidwe kuzikonza. Zoyezera zosasamalidwa zimayamba kuliza belu labodza, ndipo antchito akathamangira belu labodza katatu, lachinayi salilabadira ngakhale litakhala loona. Lembaninso momveka kuti manambalawo ndi a khonsolo, osati a kampani, ndipo khalani olimba mtima kuwapachika pa bolodi la zidziwitso mwezi uliwonse: belu lidalira liti, antchito adafika liti. Ndikudziwa kuti zimenezi zimawawa kwa amene ali paudindo, koma za ku England zija zatisonyeza kuti zinthu zidayamba kugwedezeka pamene anthu wamba adaona manambala ndi maso awo.

FUNSO: Ndine mlangizi wa zaumoyo. Tidavutika kwambiri ndi kolera mu 2022 ndi 2023. Kodi tizipangizoti tingathe kuona kolera m'suweji mliri usadafalikire? Ndine mayi wa ku Machinga.

YANKHO: Mayi, ntchito imene mudagwira m'masiku amenewo siiwalika, pakuti mliri umenewo, umene udayambira m'boma lanulo mu Malichi 2022, udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno. Yankho lachidule n'lakuti ayi. Tizipangizo tokhala m'maenje timayeza msinkhu wa madzi, liwiro, kutentha ndi mpweya, koma tizilombo toyambitsa matenda sititiona. Kuti tizilombo tidziwike, munthu kapena makina amatunga madziwo m'botolo n'kupita nawo ku labotale.

Njira ya botoloyo ndi yamphamvu ndithu, chifukwa munthu amataya tizilombo m'chimbudzi ngakhale asadapite kuchipatala. Mu 2022 kachilombo ka poliyo kadapezeka m'suweji ya ku Beckton ku London popanda mwana ndi mmodzi yemwe wodziwika kuti walumala, ndipo ana a mumzindawo adaitanidwa kukalandira katemera wowonjezera. Ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome adasonyeza kuti ngakhale kumene suweji ndi yochepa, madzi a m'mitsinje yodutsa m'makwalala a anthu ambiri amatha kuonetsa kukwera ndi kutsika kwa COVID-19. Pamene njira ziwirizi zimathandizana ndi apa: choyezera chimanena kuchuluka kwa madzi amene ankayenda pa nthawi yotunga, kuti a labotale adziwe ngati mvula idasungunula zimene akuyezazo, ndipo chimanenanso kumene suweji yasefukira, kuti inu alangizi mudziwe mudzi woyamba kupitako ndi klorini.

FUNSO: Amuna anga amagwira ganyu yotsegula mapaipi otsekeka ndi kupopa matanki a zimbudzi. Amati akamva fungo la mazira owola amadikira kaye, likatha amalowa. Ndamva kuti pali zipangizo zoyeza mpweya kuchokera kutali. Kodi zingawateteze? Ndine mayi wa ku Chipata.

YANKHO: Mayi, ndikupemphani kuti yankho ili muwawerengere bambowo lero lomwe, chifukwa njira imene akuidalirayo yapha anthu ambiri. Fungo la mazira owola ndi la mpweya wa hydrogen sulphide, umene umapangika zonyansa zikamaola mopanda mpweya wabwino. Ukakhala wochepa umanunkha, koma ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kuleka kuumva. Choncho kutha kwa fungo sikutanthauza kuti mpweyawo wachoka. Nthawi zina ndiye kuti wafika poopsa. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero umakhazikika pansi pa dzenje, ndipo munthu akavundula matope ndi ndodo umatuluka wambiri nthawi imodzi n'kumugwetsa atangopuma kawiri kapena katatu.

Zoyezera mpweya zokhazikika m'maenje zilipodi, ndipo zimatumiza manambala kuofesi. Mainjiniya amazigwiritsa ntchito makamaka pofuna kudziwa kumene mpweyawu ukudya mapaipi, chifukwa pakhoma lachinyezi umasanduka asidi amene amafumbutsa simenti mpaka denga la paipi kugwa. Zimathandizanso kudziwa maenje oopsa kwambiri. Koma sizingalowe m'malo mwa choyezera cha m'manja, chachikulu ngati foni, chimene chimatsitsidwa ndi chingwe munthu asadalowe, kenako n'kumangiriridwa pachifuwa pake nthawi yonse imene ali m'katimo. Chimayeza mipweya inayi: hydrogen sulphide, mpweya woyaka, carbon monoxide, ndi oxygen, imene mumpweya wabwino imakhala magawo 21 pa 100 ndipo ikatsika kupitirira 19.5 choyezeracho chimalira.

Ngati choyezera chotere palibe, ntchitoyo ichitikire pamwamba, ndi ndodo zazitali kapena paipi yopopera. Asayese mpweya ndi machesi kapena kandulo, ndipo asasute fodya pafupi, chifukwa dzenje limatha kuphulika. Pamene kulowa sikungapewedwe, zivundikiro za maenje oyandikana zitsegulidwe, mpweya upemereredwe m'katimo ndi makina, wolowayo avale lamba womangidwa ku chingwe cholimba, ndipo pamwamba pakhale anthu osachepera awiri otha kumukoka. Muwauzenso anzawo a ganyu mfundo iyi, imene ndi yovuta kuitsatira chifukwa imalimbana ndi chifundo: wina akagwa m'dzenje, wapamwamba asalumphiremo kukamutenga. Pa ngozi zambiri zotere maliro amakhala awiri kapena atatu, ndipo wachiwiri ndi wachitatu amakhala opulumutsa. Amukoke ndi chingwe, amugoneke pamalo a mphepo, ndipo athamangire naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, chifukwa mpweyawu umatha kudzaza madzi m'mapapo patapita maola angapo.